Airtel Money ndi TNM Mpamba kumudzi: kutumiza n'kosavuta, koma zonse zimathera pa tebulo la ejenti

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumidzi. Nthambi za mabanki nazo zinaunjikana ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba ndi pa maboma. Wochokera ku Makanjira kuti akafike pa boma la Mangochi amayenda makilomita pafupifupi 100, ndipo nthawi ya dzinja ulendowo umatheka ngati mitsinje yalola. Kwa munthu wa kumeneko, wa ku Nthalire kapena wa kwa Chapananga, banki imene amaidziwa ndi kakhumbi kofiira kapena kobiriwira pamsika, kokhala ndi tebulo limodzi, buku lolembamo ndi mafoni awiri atatu. Ndemanga ino ndi ya ntchito imeneyo: Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba imene inatsatira mu 2013. Sitikuziyesa monga zimayendera mumzinda, kumene ejenti akati alibe ndalama mumangosuntha mapazi khumi n'kupeza wina. Tikuziyesa kumene ejenti ali mmodzi kapena awiri, magetsi kulibe, ndipo netiweki imagwira bwino munthu akakwera pachulu.

Maganizo athu tinene pachiyambi pomwe. Potumiza ndalama ndi polipira zinthu, ntchito ziwirizi n'zabwino kwambiri, ndipo palibe banki imene inafika kumudzi monga zafikira izi. Potapa, ubwino wake umadalira munthu mmodzi, ejenti, ndi kuchuluka kwa kashi imene ali nayo tsiku limenelo. Posungira ndalama nthawi yaitali n'zofooka, ndipo amene amazitenga ngati nkhokwe amaluza mosazindikira.

Kulembetsa sikuvuta. Mumafunika foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, simu khadi, ndi chiphaso cha unzika. Intaneti siifunika, chifukwa zonse zimayenda poimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Chiphaso cha unzika, chimene chinafalikira pa kalembera wa 2017 wa bungwe la boma lolembetsa nzika la NRB, chinathandiza kwambiri pano, popeza kale munthu wa kumudzi analibe chomuzindikiritsa chimene kampani kapena banki ingavomere mosavuta. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Apa m'pamene panabadwira vuto limene likusautsabe anthu ambiri mpaka lero. Pa nthawi ya kulembetsa ija, ambiri analembetsa manambala awo ndi chiphaso cha mwana, cha mlamu, kapena cha mnyamata amene ankagulitsa ma simu khadi pamsika. Masiku onse palibe chimene chimaoneka cholakwika. Foni ikabedwa kapena PIN ikatsekedwa, kampani imafuna mwini dzina abwere yekha ndi chiphaso chake, ndipo ngati mwini dzinayo ali ku Joni kapena simukumudziwa n'komwe, ndalama zanu zimakhala pamenepo inu mukuziyang'ana. Njira yodziwira n'njachidule: pemphani mnzanu ayambe kukutumizirani ndalama, aone dzina limene lituluke asanalembe PIN. Ngati si lanu, pitani ku shopu ya kampaniyo pa boma mukakonze tsopano, mulibe ndalama zambiri m'menemo.

PIN ndi manambala anayi. Chaka chobadwa, 1234 ndi 0000 ndiwo manambala oyamba amene wakuba amayesa, ndipo chaka chobadwacho chalembedwa pa chiphaso chimene nthawi zambiri chimakhala m'thumba limodzi ndi foni. Mukalakwitsa PIN kangapo motsatizana akaunti imatsekedwa. Izi n'zoyenera ngakhale zimapweteka, chifukwa ndi zomwezo zimene zimaletsa wotola foni kumayesa manambala mpaka atapeza.

Chimene timachiona ngati cholakwika m'kapangidwe kake ndi nthawi. Mndandanda wa pa *211# kapena *444# sudikira. Munthu akachedwa kuwerenga kapena kufufuza nambala, umatseka n'kuyenera kuyambiranso. Wachinyamata sazindikira n'komwe kuti pali malire a nthawi, koma agogo amene amawerenga pang'onopang'ono amalephera kawiri katatu, kenako amapereka foni ndi PIN kwa wina kuti awachitire. Mauthenga otsimikizira nawo ambiri amabwera m'Chingerezi. Zinthu ziwirizi ndizo zimachititsa kuti PIN ya munthu wamkulu idziwike kwa mdzukulu, kwa ejenti ndi kwa woyandikana naye. Chothandiza n'kulemba papepala nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama musanaimbe, kuti maso akhale pa pepalalo, osati m'buku la manambala la m'foni.

Kuika ndalama kumayenda motere. Mumawerenga kashi pamaso pa ejenti, iye amaiwerenganso, mumamuuza nambala yanu, amakuuzani dzina limene latuluka, ndipo mumadikira uthenga pa foni yanu. Kuika ndalama mu akaunti yanu n'kwaulere. Ejenti amalandira komishoni yake kuchokera ku kampani, choncho wokuuzani kuti muonjezere ya kuika akukudyerani. Musachoke pa tebulo uthenga usanafike, ndipo netiweki ikamavuta funsani balansi pa foni yanu muone ngati yakwera.

Potapa, woyambitsa ndinu. Mumaimba nambala ija, mumasankha kutapa, mumalemba nambala ya ejenti imene imakhala pa chikwangwani, kuchuluka kwa ndalama, mumaona dzina la ejenti, kenako PIN. Koma chinthu choyamba, musanagwire foni, funsani kuti, "Kashi ya K80,000 ilipo?" Ambiri amayamba atumiza kenako n'kumva kuti ilipo theka lokha, ina mudzatenge mawa. Pamenepo ndalama zachoka kwa inu, mtengo wotapira wadulidwa kale, ndipo chimene mwatsala nacho ndi lonjezo la pakamwa.

Pa tebulo la ejenti

Apa tikhalitsepo, chifukwa amene wamvetsa mmene ejenti amagwirira ntchito wamvetsa chifukwa chake ntchitoyi imamukhumudwitsa masiku ena. Ejenti si wantchito wa Airtel kapena TNM. Ndi wabizinesi amene amaika mpamba wake wa iye mwini, ndipo mpambawo umakhala m'magawo awiri: kashi ya m'kabati ndi fuloti, imene ndi ndalama za mu foni yake ya ntchito. Magawo awiriwa amasinthana ngati madzi othiridwa kuchoka mu ndowa ina kupita mu ina. Inu mukatapa, kashi yake imatsika, fuloti imakwera. Mukaika, fuloti imatsika, kashi imakwera.

Tiyerekeze ejenti wayamba tsiku ndi kashi ya K300,000 ndi fuloti ya K300,000. Abwera anthu asanu ndi mmodzi, aliyense atapa K50,000. Isanakwane 10 koloko kashi yatha, fuloti yafika K600,000, ndipo wachisanu ndi chiwiri abwerera chimanjamanja ngakhale mu foni yake muli ndalama. Mumzinda izi zimadzikonza zokha, chifukwa oika ndi otapa amabwera mosakanikirana. Kumudzi ndalama zimayenda mbali imodzi pa nthawi imodzi. Kumapeto kwa mwezi ana a m'tauni amatumiza, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo amalandira, ndipo aliyense akufuna kutapa. M'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, n'chimodzimodzi. Ikafika nthawi yokolola zinthu zimatembenuka: mlimi wagulitsa soya kapena mtedza, akufuna kuika, koma ejenti fuloti yamuthera, kabati ili yodzaza ndi kashi imene iyenso akuiopa kugona nayo.

Kuti abwezere zinthu m'malo, ejenti ayenera kupita ku banki kapena kwa ejenti wamkulu pa boma kapena pa malo aakulu a malonda. Ulendowo ndi wa kabaza kupita ndi kubwera, shopu yotseka theka la tsiku, ndi chiopsezo choyenda ndi ndalama panjira. Komishoni imene amapeza pa munthu mmodzi n'njochepa, choncho sangapite tsiku lililonse. Ichi n'chifukwa chake maejenti odalirika kwambiri kumudzi ndi amene ali ndi bizinesi ina yobweretsa kashi tsiku ndi tsiku: golosale, chigayo, shopu ya zipangizo za ulimi. Ndalama za sopo ndi shuga zimene agulitsa m'mawa ndizo amapatsa otapa masana. Ngati pamsika wanu pali ejenti wa kakhumbi kokha ndi wina wa mu golosale yaikulu, ndalama zochuluka kazitapeni kwa wa golosaleyo.

Kupanikizika kumeneku ndiko kumabala zizolowezi zina zosayenera. Pali maejenti amene amalipiritsa kena pamwamba pa mtengo wa kampani, podziwa kuti ejenti wina ali kutali. Pali ena amene amakuuzani kuti mutape ndalama zanu kawiri kapena katatu m'malo mwa kamodzi, ati makina akukana zambiri, pamene cholinga n'choti komishoni ichuluke, inu n'kulipira mtengo wotapira kawiri. Palinso chizolowezi chofala choti munthu amapereka kashi kwa ejenti kuti aiike molunjika mu nambala ya wachibale wakutali, pothawa mtengo wotumizira. Chimaoneka chotchipa, koma uthenga wotsimikizira supita kwa inu. Nambala ikalakwika mulibe umboni uliwonse m'manja, ndipo kampani imaona kuti ndalamazo zinachoka kwa ejenti, osati kwa inu. Ikani mu akaunti yanu, mutumize nokha.

Sitikunena izi ponyoza maejenti. Ambiri ndi anthu okhulupirika amene amagwira ntchito ya banki yonse ndi mpamba wawo wochepa, amawerengera agogo mauthenga, amasunga chaja, amapirira netiweki ikagwa kasitomala atakwiya. Cholakwa chachikulu chili pa kapangidwe: katundu wosamutsa kashi kupita kumudzi anasenzetsedwa munthu wofooka kwambiri pa mndandanda wonse. Makampani onse awiri angachite bwino kuonjezera malo obwezerako fuloti pafupi ndi misika ya kumidzi, ndiponso kuganizira kuti ejenti woyenda makilomita 40 kukatenga kashi sangapatsidwe komishoni yofanana ndi ya ejenti wa ku Limbe.

Kwa inu kasitomala, zothandiza n'zinthu zing'onozing'ono. Tapani m'mawa kashi isanathe, kapena madzulo a tsiku la msika pamene mavenda aika zimene agulitsa. Ngati mukufuna zambiri, monga za feteleza kapena malata, muuzeni ejenti dzulo lake kuti akonzekere. Ndipo funsani ngati wogulitsa katunduyo amalandira ndalama pa foni, chifukwa mukalipira molunjika simufunikanso kashi n'komwe.

Mitengo imasintha kawirikawiri, choncho sitilemba manambala ake pano. Ejenti aliyense ayenera kukhala ndi pepala la mitengo lomatidwa poonekera, ndipo ngati palibe, funsani. Chofunika kumvetsa ndi kakonzedwe kake. Mitengo imayenda m'magulu: ndalama za pakati pa mlingo wakuti ndi wakuti zimadulidwa mofanana. Tiyerekeze gulu lina likuyambira K5,001 kufika K10,000 ndipo mtengo wake ndi K500. Wotapa K5,500 walipira pafupifupi K9 pa K100 iliyonse, pamene wotapa K10,000 walipira K5 pa K100 iliyonse. Ndiye kuti wosauka, amene amatapa pang'onopang'ono kuti agule ndiwo ndi mchere, ndiye amalipira kwambiri. Ngati ndalama yanu yapitirira malire a gulu ndi K200 yokha, ichepetseni igwe m'gulu la pansi, yotsalayo mugulire mayunitsi. Kumbukiraninso kuti ndalama imodzi imadulidwa kawiri, potumiza ndi potapa. Wotumiza akafuna kuti amayi kumudzi alandire K20,000 yathunthu m'manja, aonjezere ya kutapa, apo ayi amayiwo adzafika pa tebulo n'kuuzidwa kuti balansi sikukwana. Kutumiza kuchoka pa Airtel kupita pa TNM kapena kubwerera kumatheka masiku ano, koma onani mtengo wake pa pepala lija musanatumize, chifukwa si nthawi zonse umafanana ndi wa pa netiweki imodzi.

Pa funso loti yabwino ndi iti pakati pa ziwirizi, yankho silichokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ntchito zake zikuluzikulu n'zofanana: kutumiza, kutapa, kugula mayunitsi, kulipira magetsi a ESCOM ndi madzi, kulipira mayeso a MANEB, kulumikiza ndi banki. Chimene chimasiyanitsa ndi mlongoti umene uli pafupi ndi mudzi wanu, maejenti amene ali pamsika wanu, ndi netiweki imene abale anu okutumizirani ali nayo. Pali madera amene Airtel imagwira m'nyumba momwe koma TNM mpaka kumsewu, ndipo ena n'mosemphanitsa. Foni zambiri za mabatani zimalowa ma simu khadi awiri, ndipo kukhala ndi onse awiri n'kwanzeru, chifukwa tsiku limene netiweki ina yagwa kapena mlongoti wathima, inayo imakupulumutsani. Maejenti ambiri nawo amagwira zonse ziwiri pa tebulo limodzi, ndipo nthawi zina fuloti ikatha mbali ina imakhalapo mbali inayo.

Pamene ntchitozi zimawala kwenikweni ndi pa ndalama zochokera kutali. Kale ndalama zinkapatsiridwa kwa kondakitala wa basi kapena munthu wopita kumudzi, n'kufika patatha masiku, mwina zitachepa. Lero wodwala akagonekedwa usiku, ndalama ya mayendedwe imafika mphindi yomweyo. Abale a ku South Africa amatha kutumiza kudzera m'makampani monga Mukuru ndalama n'kugwera mu foni, wolandira osakaima pa mzere pa boma. M'maboma ena ndalama za Mtukula Pakhomo, pologalamu imene inayambira ku Mchinji mu 2006, zimadzeranso njira za makono ngati zimenezi, ngakhale tsiku lolandira ndilo tsiku limene kashi imatha msanga kwa maejenti, chifukwa onse amabwera nthawi imodzi. Amayi ambiri amayamikiranso chinthu china chimene sichilembedwa pa zikwangwani: ndalama ya mu foni siioneka, choncho siipemphedwa mwachisawawa ngati ya pa mfundo ya chitenje.

Akuba a pa foni

Iyi ndi mbali imene yawononga chikhulupiriro cha anthu ambiri. Njira zake n'zodziwika ndipo zimangobwerezedwa. Ina ndi ya uthenga wooneka ngati wa kampani wonena kuti mwalandira ndalama, kenako munthu n'kuimba akudandaula kuti walakwitsa nambala, mumubwezere. Uthenga weniweni umachokera pa dzina la kampani, osati pa nambala ya munthu, ndipo balansi ndiyo imanena zoona. Musabweze kanthu musanaifunse. Ina ndi ya woimba wodzitcha wantchito wa kampani, wonena kuti mwawina mphoto kapena akaunti yanu itsekedwa, n'kuyamba kukuuzani manambala oti mudine. Mukamatsatira, mumakhala mukutumiza nokha ndalama zanu kwa iye. Ina ndi ya mwana wavulala kusukulu, tumizani msanga, kapena ya ntchito ndi ngongole za mabungwe zofuna ndalama yolembetsera. Zonsezi zimadalira kukufulumizitsani. Kampani siifunsa PIN, ejenti safunika PIN yanu, ndipo wachibale weniweni sakana kuti mudule foni mumuimbire pa nambala imene mukuidziwa.

Palinso ngozi ya malo otchajira. Kumene kulibe magetsi foni imasiyidwa pa shopu ya sola kapena ya batire kwa maola angapo. Ngati PIN ili yosavuta kapena inalembedwa m'foni momwemo, mwasiya chikwama chotsegula. Ena amachotsa simu khadi asanasiye foni, ndipo ndi chizolowezi chabwino.

Mukatumiza ku nambala yolakwika, imbirani kampani nthawi yomweyo, musanamuimbire wolandirayo. Sungani uthenga wotsimikizira chifukwa muli nambala yozindikiritsa zimene mwachitazo, ndipo ndiyo adzakufunsani poyamba. Ngati ndalamazo zikadali mu akaunti ya wolandira, zimatha kuimitsidwa n'kubwezedwa. Ngati watapa kale, nkhaniyo imakhala yaitali ndipo imatha kufika kupolisi. Apa makampani onse awiri akadali ndi ntchito: wa kumudzi amene dandaulo lake silinathe pa foni amauzidwa kuti apite ku shopu, ndipo ulendo wa ku shopuwo umatha kudya ndalama zoposa zimene akudandaulazo. Dandaulo likakanika ku kampani, Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira ntchito zimenezi, imalandira madandaulo a makasitomala.

Tibwere ku kusunga. Ndalama za mu foni n'zotetezeka ku moto, chiswe, mbewa ndi mbala yothyola nyumba. Malamulo amafuna kuti ndalama zonse za makasitomala zikhale ndi zofanana nazo zosungidwa padera m'mabanki, zosasakanikirana ndi ndalama zoyendetsera kampani. Foni ikatayika ndalama sizitayika, mumangokatenga simu khadi ina ya nambala yomweyo, ngati inalembetsedwa m'dzina lanu. Mpaka apa zili bwino. Koma ndalamazo sizikula moti n'kupikisana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mlimi amene anagulitsa mbewu mu Juni n'kusunga ndalama mu foni kuti adzagule feteleza mvula ikayandikira, anapeza nambala ili yomweyo koma matumba amene ingagule atachepa. Ngati ndalamayo cholinga chake ndi feteleza, mbewu kapena malata, kugula katunduyo msanga kumateteza kuposa kusunga nambala mu foni. Komanso ndalama yokhala m'thumba usana ndi usiku, yotheka kugulira mayunitsi kapena kubetcha ndi kudina kochepa, imasungunuka mosaoneka.

N'chifukwa chake banki mkhonde sinafe ngakhale mafoni afika paliponse, ndipo siyenera kufa. Gulu la anthu 15 mpaka 25 limakumana sabata iliyonse, aliyense amagula masheya, kawirikawiri kuyambira imodzi kufika asanu, amabwerekana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, nthawi zambiri 10 kapena 20 peresenti pa mwezi, ndipo pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse. Chiwongoladzanjacho n'chokwera, koma chimabwerera kwa eni ake pogawana, mosiyana ndi cha katapila. Foni ilibe zimene gulu lili nazo: maso a anzako okukakamiza kusunga, ndi ngongole yoperekedwa ndi anthu okudziwa. Kufooka kwa gulu kuli pa bokosi la maloko atatu losungiramo ndalama. Miyezi yomaliza, ngongole zikabwezedwa ndipo tsiku logawana layandikira, m'bokosi la maloko atatu lija mumakhala ndalama zambiri m'nyumba ya msungichuma, ndipo mudzi wonse umadziwa. Apa m'pamene foni ingathandize, koma mosamala. Ndalama za gulu zisaikidwe mu nambala ya munthu mmodzi amene amadziwa PIN yekha, chifukwa mwatero mwachotsa maloko atatu n'kusiya limodzi. Magulu ena amatenga simu khadi ya gulu, kuisunga m'bokosi, ndi kugawa PIN kwa anthu awiri kuti aliyense adziwe manambala awiri okha. Dziwaninso kuti akaunti ya munthu wamba ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi kutulutsa pa tsiku, ndipo ejenti wa pamudzi sangakhale ndi kashi ya gulu lonse pa tsiku logawana ngati simunamuuze sabata isanakwane. Gulu likakula, akaunti ya ku banki kapena ku SACCO yokhala ndi osayinira atatu ndiyo yoyenera.

Ngongole za pa foni, monga Kutchova ya Airtel Money, zimathandiza pa vuto la usiku umodzi. Zimabwera msanga, zopanda chikole, koma n'zazing'ono, nthawi yobweza n'njaifupi, ndipo zimadulidwa zokha ndalama ikangolowa. Si ngongole za ulimi. Mbewu imatenga miyezi inayi kapena isanu kuti ibweze ndalama, ndipo ngongole yofuna kubwezedwa m'masabata ochepa singadikire zimenezo.

Mabanki nawo ayamba kutsata njira yomweyi ya maejenti. NBS ili ndi Bank Pafupi, FDH ili ndi Banki Pakhomo, ndipo National Bank ili ndi Mo626 yoyendera pa foni. Kwa mlimi wa fodya amene malipiro ake ochokera ku okushoni ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu amadzera ku banki, kulumikiza akaunti ya ku banki ndi ya pa foni kumamuchotsera maulendo ambiri. Kulumikizako kumafuna kupita ku banki kamodzi ndi chiphaso, ndipo dzina ndi nambala ya foni ziyenera kugwirizana mbali zonse ziwiri. Zikatero ndalama zazikulu zimakhala ku banki, n'kumakokera mu foni zokhazo zofunika sabata imeneyo. Kukokako nako kuli ndi mtengo wake, choncho kukoka kamodzi pa sabata kumaposa kukoka pang'onopang'ono tsiku lililonse.

Chomaliza chimene mabanja ambiri amachizindikira mochedwa ndi za maliro. Mwini nambala akamwalira, ndalama za mu foni yake ndi chuma chamasiye monga china chilichonse. Achibale amene sakudziwa PIN asayese kulota manambala mpaka akaunti itatsekedwa, ndiponso asasiye simu khadi m'kabati miyezi yambiri, chifukwa nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imatsekedwa n'kudzapatsidwa kwa munthu wina, ndipo kulondola ndalamazo kumavuta kwambiri. Njira yake n'kupita ku shopu ya kampaniyo ndi chiphaso cha womwalirayo, kalata ya imfa, ndi makalata osonyeza woyenera kulandira chumacho, amene kumudzi amayambira kwa a mfumu n'kukathera ku ofesi ya DC. Ngati nambalayo inalembetsedwa m'dzina la munthu wina, makalata onsewo sagwira ntchito, chifukwa m'mabuku a kampani womwalirayo sanakhalepo ndi akaunti.